Mpanda wa masheya: chimene chimasunga kampani ya alimi m'manja mwa eni ake

M'chaka cha 1923, alimi a chimanga ozungulira tauni ya Bethal, m'chigawo chimene lero chimatchedwa Mpumalanga m'dziko la South Africa, anakhazikitsa kopaletivi yoti iziwagulitsira mbewu. Bungweli, limene linadzadziwika ndi dzina lakuti OTK, linakula kufikira pokhala ndi nkhokwe zikuluzikulu za simenti m'matauni ambiri a m'chigawocho. M'zaka za m'ma 1990 linasanduka kampani, ndipo mu 1996 masheya ake anayamba kugulitsidwa pa msika wa masheya wa ku Johannesburg. Mu 2002 dzina linasinthidwa n'kukhala Afgri. Pofika chaka cha 2014, gulu la amalonda lotchedwa AgriGroupe, limene gawo lalikulu la ndalama zake linachokera ku North America, linagula kampani yonseyo pa mtengo wa pafupifupi R2.4 biliyoni n'kuichotsa pa msikawo.

Pa zonsezi palibe amene anaba kanthu. Amene anagulitsa masheya awo analandira ndalama, ndipo malamulo a dziko anatsatidwa. Koma mlimi wa ku Bethal amene agogo ake anali membala pamene nkhokwezo zinkamangidwa, lero amafika pa geti ngati kasitomala wolipira, osati ngati mwini wake. Kusinthaku kunayambira pa mawu ochepa chabe a m'malamulo oyendetsera bungwelo: poyamba sheya inkakhala ya mlimi amene ndi membala basi, kenako inaloledwa kupita kwa aliyense amene ali ndi ndalama.

Nkhaniyi ndi yofunika kwa magulu a alimi amene akukula ku Malawi, Zambia ndi Mozambique. Kalabu imene inayamba ndi kugula feteleza pamodzi imasanduka kopaletivi. Kopaletivi imagula chigayo, makina oyengera mafuta a mpendadzuwa kapena thanki yoziziritsira mkaka. Ndipo tsiku lina pamafika wamalonda wofuna kuika ndalama zake m'ntchitoyo. Nthawi imeneyo m'pamene pamabwera mapepala oti asainidwe. Ndime zimene anthu amakonda kuzidumpha m'mapepalawo, zonena za kugulitsa masheya ndi za malonda oletsedwa, ndi zimene zimagamula kuti pakadzatha zaka 20 mwini chigayocho adzakhala ndani.

Sheya imanyamula zinthu ziwiri

Mawu akuti sheya si achilendo kumudzi. M'magulu a banki m'khonde mamembala amagula masheya pa msonkhano uliwonse, ndipo chaka chikatha amagawana ndalama molingana ndi masheya a munthu aliyense. Palibe membala amene angadzuke m'mawa n'kugulitsa malo ake m'gululo kwa mlendo wodutsa m'njira, chifukwa gulu lotere limaima pa kudziwana ndi kukhulupirirana. Lamulo limeneli, ngakhale pamene silinalembedwe, ndi chiletso pa kusamutsa masheya.

Pa kampani, sheya imanyamula zinthu ziwiri: gawo la phindu ndi voti. Apa ndi pamene kampani imasiyanirana ndi kopaletivi. Mfundo za makopaletivi zimene bungwe la International Co-operative Alliance linavomereza ku Manchester mu 1995 zimapatsa membala aliyense voti imodzi, kaya anaika zambiri kaya zochepa. Pa kampani wamba mavoti amatsata masheya. Amene wasonkhanitsa masheya opitirira theka ndiye amasankha bodi, bodi imalemba manijala, ndipo manijalayo ndi amene amaika mtengo wogulira mtedza kapena mkaka kwa alimi.

Mlimi amene ali ndi gawo m'kampani amafuna mtengo wabwino wa zokolola zake, chifukwa moyo wake uli m'munda. Wamalonda amene salima amafuna kuti kampaniyo igule zokololazo motchipa, chifukwa phindu lake limachokera pa kusiyana kwa mtengo wogulira ndi wogulitsira. Palibe wolakwa pa awiriwa, koma zofuna zawo n'zosiyana, ndipo zimene zimachitika ndi za amene ali ndi mavoti ambiri.

Mwachitsanzo, kampani ya alimi 200, aliyense wokhala ndi masheya 10, ili ndi masheya 2,000 onse pamodzi. Wofuna kuilamulira safunika kunyengerera msonkhano waukulu wa pachaka. Angofunika kugula kwa alimi 101, mmodzimmodzi, kuseri. M'mwezi wa Febuluwale, chimanga chitatha pakhomo ndipo sukulu ikufuna fizi, kupeza anthu 101 ogulitsa si ntchito yovuta. Munthu wanjala amadziwa kuti fodya wake ndi amene ali pamphuno.

Chifukwa chimene alimi anatsegulira chipata

Makopaletivi aakulu a ku South Africa anali a alimi achizungu, ndipo anakula pa nthawi ya tsankho mothandizidwa ndi boma. Ankalandira ngongole zofewa kuchokera ku Land Bank, komanso ankagula ndi kusunga mbewu m'malo mwa mabodi a boma amene ankaika mitengo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 lamulo linasinthidwa kuti kopaletivi izitha kusanduka kampani, ndipo lamulo la 1996 lokhudza kagulitsidwe ka zokolola linathetsa mabodi aja. Msika wotsimikizika unathera pomwepo. Mabungwewo anafunika mpamba watsopano kuti apikisane ndi amalonda ena, pamene mamembala okalamba ankafuna kudyerera chuma chimene chinaunjikana m'dzina la bungwe kwa zaka zambiri koma chosatheka kuchitapa.

KWV, kopaletivi ya alimi a mphesa imene inakhazikitsidwa mu 1918, inadutsa njira yomweyo mu 1997. Nduna ya zaulimi ya nthawiyo, a Derek Hanekom, inatsutsa kusinthako ponena kuti gawo lina la chumacho linapezeka chifukwa cha mphamvu zimene boma linapatsa bungwelo. Mbali ziwirizo zinadzagwirizana kuti KWV ipereke ndalama zoposa R350 miliyoni pa zaka 10 zotukulira ntchito ya vinyo ndi anthu amene anasalidwa. Masheya a KWV anapita nasintha manja, ndipo mu 2016 gulu la Vasari linagula mafakitale, mayina a zakumwa ndi malonda ake pa R1.15 biliyoni.

Alimiwa anali ndi zifukwa zomveka. Chimene ambiri sachiganizira n'chakuti chipata choterechi chikatsegulidwa sichitsekekanso, chifukwa kuti chitsekedwe pamafunika mavoti a anthu omwe aja amene analowera pomwepo. Madzi akatayika saoleka.

Mitundu ya mpanda

Njira zotchingira masheya n'zingapo, ndipo mabungwe ochenjera amagwiritsa ntchito zingapo nthawi imodzi.

Yoyamba ndi kumangirira sheya ku umembala. Malamulo amanena kuti sheya ikhoza kukhala ndi munthu yekhayo amene amalima ndi kupereka zokolola ku bungwelo, ndipo wosiya ulimi kapena wosamuka ayenera kugulitsa masheya ake kwa membala kapena kuwabweza ku bungwe pa nthawi yoikika.

Yachiwiri ndi mwayi woyamba. Wofuna kugulitsa amayamba walembera anzake kalata yonena kuchuluka kwa masheya, mtengo wake ndi dzina la wofuna kugula. Anzakewo amapatsidwa masiku owerengeka, monga 30 kapena 60, kuti agule pa mtengo womwewo. Akakana, m'pamene mlendo angagule, koma osati pa mtengo wotsikirapo. Ndime imeneyi imakhala ndi bowo ngati ingotchula kugulitsa kokha. Iyenera kutchulanso kupereka ngati mphatso, kusinthanitsa ndi katundu ndi kubweza nayo ngongole, popeza wochenjera amadutsira m'njira zimenezo.

Yachitatu ndi malire a masheya amene munthu mmodzi angakhale nawo. Lamulo la makopaletivi la dziko la Kenya la 1997 linaika malirewo pa gawo limodzi mwa magawo 5 a masheya onse. Gulu likhoza kuika malire ocheperapo m'malamulo ake. Chofunika n'chakuti powerengera aziphatikiza masheya a mkazi kapena mwamuna wake, a ana ake ndi a kampani imene munthuyo amailamulira, apo ayi banja limodzi lingathe kutenga zonse popanda kuphwanya chilembo ngakhale chimodzi.

Yachinayi ndi nthawi yodikira. Mu 2008 kampani ya mafoni ya Vodacom ku South Africa inagulitsa masheya kwa anthu akuda kudzera m'kampani ya YeboYethu. Kwa zaka 5 zoyambirira ogulawo sankaloledwa kugulitsa, ndipo zitatha zakazo ankaloledwa kugulitsa kwa anthu akuda anzawo okha. Cholinga chinali chakuti masheya operekedwa pofuna kutukula anthu amene anatsalira m'mbuyo asathere m'manja mwa olemera kale chaka chisanathe. Nzeru yomweyi imathandiza pamene boma kapena bungwe lothandiza lagulira alimi gawo m'fakitale.

Yachisanu ndi chilolezo cha bodi: sheya siisamuka pokhapokha bodi itavomereza. Lamulo la makampani la South Africa la 2008, limene linayamba kugwira ntchito pa 1 Meyi 2011, limafuna kuti kampani imene si yogulitsa masheya kwa anthu onse ikhale ndi chiletso pa kusamutsa masheya m'malamulo ake, ndipo makampani ambiri amasankha njira imeneyi. Kuopsa kwake n'kwakuti bodi ikhoza kugwiritsa ntchito mphamvuyi polanga amene amaitsutsa. Choncho malamulo ayenera kunena zifukwa zimene bodi ingakanire, masiku amene iyenera kuyankha, ndi kumene wokanidwa angakadandaule.

Wamalonda wochokera kunja kwa gulu akhoza kulandiridwabe popanda kugwetsa mpanda. Angathe kupatsidwa masheya olandira phindu koma opanda voti, kapena gawo losafika theka, ndipo mgwirizano unganene kuti iye akadzafuna kuchoka, alimi ndi amene adzakhale ndi mwayi woyamba wogula gawo lakelo.

Mpanda umathanso kutsekereza mwini wake

Chiletso chilichonse chili ndi mtengo wake. Sheya imene ingagulidwe ndi anthu ochepa okha imatsika mtengo, ndipo mlimi wokalamba, wodwala kapena wamasiye angapezeke ali ndi pepala limene palibe wofuna kuligula. Gulu likamangoletsa popanda kupereka njira yotulukira, mamembala omwe ndi amene amadzavotera kugwetsa mpanda wonse, monga zinachitikira ku South Africa.

Alimi a mkaka a ku New Zealand akhala akulimbana ndi vuto lomweli, ndipo anapeza njira ina. Kopaletivi yawo ya Fonterra, imene inapangidwa mu 2001 pophatikiza mabungwe atatu, imafuna kuti mlimi akhale ndi masheya molingana ndi kuchuluka kwa mkaka umene amapereka. Mu 2007 bodi inaganiza zoika gawo la malonda ake pa msika wa masheya, koma alimi anakana ndipo ganizolo linasiyidwa. Komabe panali vuto lina. Poyamba kopaletiviyo inkakakamizidwa kugula masheya a mlimi aliyense wochoka kapena amene mkaka wake wachepa, ndipo chilala cha 2008 chitagwa, ndalama zambiri zinatuluka pa nthawi imene bungwelo linkazifuna kwambiri.

Mu 2012 anakhazikitsa msika woti alimi azigulitsana masheya okhaokha. Pambali pake anaika thumba limene anthu akunja angaikemo ndalama n'kumalandira phindu koma opanda voti. Mu Disembala 2021 alimi anavomereza kusintha kwina, kumene kunayamba kugwira ntchito mu 2023: masheya amene mlimi ayenera kukhala nawo anachepetsedwa kuti achinyamata athe kulowa, ochoka anapatsidwa zaka zambiri zogulitsira masheya awo pang'onopang'ono, ndipo thumba la anthu akunja linaikidwa malire. Mtengo wa sheya unatsika ganizoli litalengezedwa, ndipo alimi analolera kutaya kumeneko pofuna kusunga ulamuliro pa mtengo wa mkaka wawo.

Gulu laling'ono lingatengepo zinthu ziwiri. Choyamba, malamulo anene momveka mmene mtengo wa sheya udzapezedwere, kaya potengera mabuku a chuma owunikidwa a chaka chapita kapena poitana wowerengera chuma amene mbali zonse zamuvomereza. Chachiwiri, bungwe likamagula masheya a wochoka liloledwe kulipira m'zigawo, komanso lizipatula kangachepe chaka ndi chaka kolipirira zimenezi, kuti anthu khumi ochoka nthawi imodzi asagwetse chigayo.

Malonda oletsedwa

Kampani ikhoza kuchoka m'manja mwa alimi ngakhale sheya imodzi isanagulitsidwe. Zimatero pamene chuma chake chikudontha kudzera mwa amene akuiyendetsa. N'chifukwa chake migwirizano yabwino imakhala ndi ndime yotchula malonda oletsedwa kotheratu, ndi ena ololedwa pokhapokha eni ake onse atadziwa.

Oyamba ndi malonda a bungwe ndi atsogoleri ake. Wapampando amene ali ndi lole akhoza kukhala woyenera kunyamula katundu wa gulu, koma si iye woti aike mtengo wake. Gawo 75 la lamulo la South Africa la 2008 limati wa mu bodi amene angapindule pa nkhani imene ikukambidwa, kapena amene akudziwa kuti wachibale wake angapindule, ayenera kuulula, kutuluka mu msonkhanowo ndi kusatenga mbali pa chigamulo. Mfundo zitatuzi zikhoza kulembedwa m'malamulo a gulu lililonse, ngakhale lokumana pansi pa mtengo.

Achiwiri ndi ngongole kwa atsogoleri. Gawo 45 la lamulo lomwelo limaletsa kampani kubwereketsa ndalama kwa wa mu bodi, kapena kumuimira pa ngongole yake, pokhapokha eni masheya atavomereza ndi chigamulo chapadera, ndiponso bodi itatsimikiza kuti kampaniyo idzathabe kulipira ngongole zake. Chigamulo chapadera nthawi zambiri chimafuna mavoti 75 pa 100 alionse.

Achitatu ndi kugulitsa katundu wamkulu. Gawo 112 limafuna chigamulo chapadera chomwecho kampani isanagulitse katundu wake wonse kapena wopitirira theka. Gulu la alimi lingachite bwino kutchula mayina a katundu wotere m'malamulo ake: malo, nyumba yosungiramo zokolola, chigayo, thalakitala. Lionjezerenso kuti katunduyo sangaperekedwe chikole ku banki kapena kubwereketsedwa kwa zaka zambiri popanda msonkhano waukulu, chifukwa chikole chikalandidwa zotsatira zake n'chimodzimodzi ndi kugulitsa.

Palinso zoletsa mamembala wamba. Kupereka sheya chikole kwa wakatapila ndi njira yachidule yolowetsera mlendo, choncho malamulo ambiri amaletsa, kapena amalola chikole ku bungwe lomwelo basi. Kugwirira wina masheya mobisa, dzina likhale la mlimi pamene ndalama ndi mawu zikuchokera kwa wamalonda, nakonso kumaletsedwa. Ku South Africa, kusintha kwa lamulo kwa 2013 kunachititsa kuti kubisala kumbuyo kwa dzina la munthu wakuda pofuna kupeza mwayi wa malonda ukhale mlandu umene chilango chake chingafike zaka 10 m'ndende. Kugulitsa kwa mavenda zokolola zimene membala analonjeza gulu atalandira mbewu ndi feteleza pangongole, komanso kutsegula malonda opikisana ndi gulu munthu adakali mu bodi, ndi zinanso zimene ziyenera kutchulidwa.

Chiletso chopanda chilango ndi mawu chabe. Malamulo anene kuti kusamutsa kulikonse kophwanya ndimezi n'kopanda mphamvu, mlembi asakulembe m'kaundula wa eni masheya, ndipo amene wapindula molakwika abweze phindulo. Kaundula ameneyu ndi buku lofunika kuposa ena onse, pakuti bungwe limazindikira mwini sheya poona dzina lolembedwamo. Ayenera kusungidwa pamalo otetezeka, ndipo membala aliyense akhale ndi ufulu womuona.

Mwini sheya akamwalira

Mpanda umayesedwa kwambiri pa maliro. Sheya ndi chuma, ndipo imalowa m'chuma cha masiye. Ku Malawi lamulo la 2011 lokhudza chuma cha anthu omwalira limaika kulanda chuma cha masiye m'gulu la milandu, ndipo ku Zambia lamulo la 1989 limafotokoza kagawidwe ka chuma cha munthu amene sanasiye wilo. Malamulo a gulu sangafafanize ufulu wa mkazi wamasiye ndi ana. Chimene angachite n'kusiyanitsa ndalama ndi umembala: wolowa amene akupitiriza kulima munda alandiridwe ngati membala, pamene amene ali kutauni alipidwe mtengo wonse wa masheyawo. Membala aliyense akalemba dzina la womulowa adakali moyo, pamaso pa mboni, mikangano yambiri imapewedwa.

Ntchito ya alangizi

Mapepala a kampani ali ndi msinkhu. Pamwamba pali lamulo la dziko, pansi pake pali malamulo oyendetsera kampani amene amalembetsedwa ku boma, ndipo pansi penipeni pali mgwirizano wa eni masheya. Ku South Africa ndime ya mgwirizano imene ikutsutsana ndi malamulo olembetsedwawo ilibe mphamvu. Dziko lililonse lili ndi lamulo lake: Malawi inakhazikitsa lamulo la makampani latsopano mu 2013, Zambia mu 2017, ndipo makopaletivi ali ndi malamulo awoawo. Choncho lonjezo limene wamalonda wapereka pa msonkhano liyenera kupezeka m'pepala lolembetsedwa, ndipo loya kapena mlangizi wa makopaletivi amene sakulipidwa ndi wamalondayo aliwerenge gulu lisanasaine.

Ogwira ntchito zachitukuko m'midzi angathandize kwambiri poonetsetsa kuti mapepalawo amasuliridwa m'chilankhulo cha eni ake ndi kuwerengedwa mokweza, amayi ndi achinyamata alipo. Mafunso oti msonkhano ufunse ndi osavuta. Kodi sheya ingagulitsidwe kwa yani? Mtengo wake adzaika ndani? Munthu mmodzi angakhale ndi masheya angati? Wochoka adzalipidwa liti? Ndi malonda ati amene bodi singachite payokha? Ndipo funso lalikulu pa onse: pamafunika mavoti angati kuti malamulowa asinthidwe? Ndime yoteteza imene ingachotsedwe ndi theka la anthu ochepa amene abwera ku msonkhano wa nthawi ya dzinja siiteteza kanthu. Iyenera kufuna mavoti ochuluka a mamembala onse, chidziwitso cholembedwa chitaperekedwa nthawi idakalipo.

Nthawi yabwino yomanga mpanda ndi pamene gulu lidakali losauka. Sheya ikakhala ya ndalama zochepa, palibe amene amalimbana ndi chiletso, ndipo anthu amakambirana mwamtendere za imfa, za kuchoka ndi za malire. Chigayo chikayamba kubweretsa phindu, ndime iliyonse imakhala itapeza woipindulira ndi woitayira, ndipo amene akufuna kugula amakhala atafika kale pakhomo.